Ulusi woyera m'mnofu wa khoswe

Mu 1843, dokotala wa ku Basel m'dziko la Switzerland, Friedrich Miescher, adang'amba khoswe ndipo m'minofu yake adapezamo tinthu toyera mbee, totalika ngati ulusi. Kwa zaka zambiri akatswiri ankangoti ndi "timachubu ta Miescher", mpaka Ray Lankester wa ku England adatipatsa dzina loti Sarcocystis mu 1882.

Dzina lidapezeka, koma mkangano sudazilale. Ena ankati ndi nkhungu, ena ankati ndi tizilombo. Cha m'ma 1960, makina amphamvu oonera zinthu zosaoneka ndi maso adaonetsa kuti kachilomboka n'kachibale ka kachilombo koyambitsa malungo, komanso ka Toxoplasma, kamene akatswiri Nicolle ndi Manceaux adakapeza mu 1908 ku Tunis m'kanyama ka m'matanthwe kotchedwa gundi.

Funso lovuta lidatsala: kamalowa bwanji m'mnofu? Khoswe wodwala sapatsira mnzake. Yankho lidachedwa mpaka 1972, pamene Rommel ndi Heydorn a ku Germany adadyetsa amphaka ndi agalu nyama ya nkhosa ndi ng'ombe yokhala ndi timachubu tija, tomwe ndi timatumba ta tizilombo. Tizilombo tidaswana m'matumbo mwa amphaka ndi agaluwo, timazira take n'kutuluka m'ndowe. Kwa zaka zoposa 100 akatswiri ankangoyang'ana wodyedwa, osaganizira womudya. Khoswe amameza timazira todetsa chakudya chake, timatumba timamera m'minofu, kenako mphaka, kadzidzi kapena njoka imamudya, ulendo n'kuyambiranso.

Ku Asia anthu adachita nazo nzeru. Mtundu wotchedwa Sarcocystis singaporensis umayenda pakati pa nsato ndi makoswe, ndipo ku Thailand timazira ta m'ndowe za nsato tidaikidwa m'nyambo zophera makoswe owononga mpunga. Anthunso sadapulumuke: mu 2011 ndi 2012 alendo obwerera kuchokera pachilumba cha Tioman ku Malaysia adadwala kutentha thupi ndi kuphwanya kwa minofu chifukwa cha mtundu wina wa kachilomboka.

Pofufuza ulendo wa kachilomboka pa mbewa zakutchire zosowa, njira ya mu 1972 ija siyenera, pakuti palibe wofufuza wanzeru amene angaphe kanyama kotsala pang'ono kutha kuti adyetse njoka. Masiku ano amatenga kachidutswa ka mnofu pa kanyama kopezeka katafa kale, n'kuyerekeza DNA ya timatumbato ndi ya timazira ta m'ndowe za njoka kapena akadzidzi a m'deralo.