Za Mizati Imene Icirikiza Mtundu

Pa caka ca cikondwerero nkoyenera kufunsa cimene cisunga mtundu wa anthu. Munthu abadwa namwalira, koma alipo makonzedwe okhazikika, okhala ndi malamulo ndi maudindo ace, amene satsikira kumanda pamodzi ndi owagwira. Amenewa ndiwo mizati ya mtundu.

Mzati woyamba ndiwo banja. Kwa Acewa mwana ali wa mbumba ya amace, ndipo mtsibweni ndiye nkhoswe yomuimira pa ukwati ndi pa mlandu. Waciwiri ndiwo ufumu: Kalonga, wa mfunda wa Phiri, anali ndi mafumu pansi pace, ndi mabwalo oweruzirapo milandu. Wacitatu ndiwo cipembedzo: pa cilala makolo ankapita ku Msinja kwa Makewana kukapempha mvula.

M'zaka za m'ma 1800 nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo zinagwedeza mizati imeneyi, ndipo Msinja anapasuka. Pambuyo pace inazikidwa ina. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anafika ku Mvera mu 1889, ndipo mpingo unadza ndi sukulu. Cipatala ca ku Nkhoma cinayamba mu 1915. Ufumu nawo sunafe, pakuti mu 1933 Boma linabvomereza mabwalo a mafumu.

Tsono mzati uli wonse ulimba ndi kukhulupirika kwa wousunga. Nkhoswe ikathawa mlandu wa mbumba yace, mfumu ikalandira ciphuphu, mphunzitsi akagona ana alikudikira, ciswe calowa. Ife tinaipeza mizatiyi iri ciriri. Ana athu asadzaipeze itagwa.