Katemera amene anayeretsa ubongo koma osabweza nzeru

Kuyambira 1906, pamene dokotala wa ku Germany Alois Alzheimer anafotokoza zimene anapeza mu ubongo wa mayi wina amene anamwalira atasokonekera maganizo, asayansi akhala akuloza chala zibuma za puloteni yotchedwa amyloid. Zibumazi zimaunjikana pakati pa maselo a ubongo wa odwala matenda oiwalaiwala otchedwa Alzheimer.

Mu 1999, Dale Schenk wa kampani ya Elan anabaya mbewa za m'labotale ndi puloteni yomweyo, kuti asilikali a m'thupi aizindikire ngati mdani. Zinatheka. Mbewa zazing'ono sizinachite zibuma, ndipo mwa zazikulu zimene zinali nazo kale, zibumazo zinachepa.

Makampani a Elan ndi Wyeth sanachedwe kuyesa katemerayu, wotchedwa AN1792, pa anthu. Koma mu January 2002 kafukufukuyo anaimitsidwa: mwa odwala 300 amene analandira katemera, 18 anatupa ubongo. Asilikali aja anapyola malire n'kuyamba kumenya nyumba imene ankayenera kuilondera.

Chopweteka kwambiri chinabwera pambuyo pake. Madokotala a ku Southampton, ku England, anapitiriza kutsatira odwala amene anabayidwa poyambirira, ndipo ena atamwalira anaunika ubongo wawo. Mu 2008 analengeza mu magazini ya The Lancet kuti mwa ena zibuma zinachoka pafupifupi zonse, komabe anthuwo anamwalira matenda atawafika pachimake. Tangoganizani, mdani amene aliyense ankamusaka wachotsedwa, koma wodwala sakuchira! Ena anati katemera anafika mochedwa, ubongo utawonongeka kale. Ena anayamba kukayikira ngati amyloid ndiyedi gwero la vutoli, ndipo mkanganowu sunathe.

Makampani anasintha njira. M'malo mouza thupi kuti lipange lokha asilikali, anayamba kuwapangira m'labotale n'kumawalowetsa kudzera m'dripi. Woyamba kutchuka, bapineuzumab, analephera mu 2012. Lecanemab, amene bungwe la FDA ku America linamuvomereza kotheratu mu July 2023, amachedwetsa kuwonongeka kwa nzeru ndi 27 peresenti pa miyezi 18. Ndi phindu lochepa, lokwera mtengo, ndipo ena amatupabe ubongo, koma gwero lake ndi mbewa za Schenk, amene anamwalira mu 2016 asanaone zimenezi.

Katemera weniweni akuyesedwabe. Wa kampani ya Axon ya ku Slovakia, wolimbana ndi puloteni ina yotchedwa tau, anapezeka kuti savulaza, koma sanaonetse kusintha pa nzeru za odwala. Mpaka lero palibe katemera wa Alzheimer amene wavomerezedwa.