Msilikali amene anatsata mapazi a Chilembwe moyo wake wonse

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itafika pachimake, mnyamata wina wa ku England, George Shepperson, anachoka ku sukulu ya ukachenjede ya Cambridge n'kutumizidwa kukatsogolera asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland. Anapita nawo mpaka ku nkhalango za ku Burma. Nkhondo imeneyo ndi yomwe inatisiyira maina monga Arakan Barracks ndi Burma Road ku Lusaka, chifukwa anyamata a ku Northern Rhodesia nawonso anakamenya kumeneko. Chinenero cha m'misasa chinali Chinyanja, ndipo Shepperson anachiphunzira mpaka kumacheza nawo asilikaliwo momasuka. Mwa iwo ndi m'mene anamva dzina limene boma la atsamunda silinkafuna kuti lizitchulidwa: John Chilembwe.

Dzinalo silinamuchoke m'mutu. Mu 1948 anayamba kuphunzitsa mbiri ku Edinburgh, ndipo phunziro lake lenileni linali mbiri ya dziko la America. Apa ndi pamene njira ziwiri zinakumana, pakuti Chilembwe sangamveke bwino popanda America. Mu 1897 mmishonale Joseph Booth anamutenga kupita naye kumeneko, ndipo anakaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Panali patangopita zaka 34 chilengezere Pulezidenti Abraham Lincoln kuti akapolo amasulidwe, moti anthu amene Chilembwe ankapemphera nawo ambiri anali oti anabadwira mu ukapolo kapena ana awo. Anaona anthu akuda akuyendetsa okha sukulu, matchalitchi ndi nyuzipepala. Anamvanso za John Brown, yemwe ananyongedwa mu 1859 atayesa kudzutsa akapolo ndi mfuti.

Shepperson anagwirizana ndi Thomas Price, katswiri wa Chinyanja, ndipo anayamba kusonkhanitsa umboni kachidutswa ndi kachidutswa. Anafufuza m'magazini akale a mipingo ya Baptist ya anthu akuda ku America, m'makalata a amishonale, ndi m'malipoti a boma. Anadaliranso zimene ankakumbukira Emily, mwana wa Booth, amene Chilembwe anamulera ali kamtsikana pa nthawi imene ankagwira ntchito ya m'nyumba mwa bambo ake. Mu 1958 buku lawo la masamba opitirira 500, Independent African, linatuluka.

Chimene chimagwira mtima m'bukuli n'chakuti Chilembwe amaoneka ngati munthu wa pakhomo pake. Timamuona akubwerera kwawo mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Timaona Landon Cheek ndi Emma DeLany, amishonale akuda a ku America, akubwera kudzamuthandiza. Pali chithunzi chimene Chilembwe wavala suti, mayi akunyumba, a Ida, avala diresi lalitali lofika m'mapazi, pamodzi ndi mwana wawo. Banjali linkafuna kuonetsa kuti ulemu wa munthu sudalira khungu. Mayi Ida ankaphunzitsa amayi anzawo kusoka, pamene amuna awo ankamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Kenaka mavuto anaunjikana. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero anthu ankagwira thangata mozunzika, ndipo matchalitchi a udzu a mpingo wa Chilembwe ankatenthedwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosawakhudza. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ndipo woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anaphedwa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa akuthawira cha ku Mulanje, ndipo boma linaphulitsa tchalitchi chake. Shepperson sanabise magazi amene anakhetsedwa mbali zonse ziwiri, koma anakana bodza lakuti m'busayu anali wopenga chabe.

Buku litatuluka, iye sanamusiye Chilembwe. Anapitiriza kulemba za ubale wa Afirika ndi ana ake amene anamwazikana kutsidya kwa nyanja, ndipo pepala limene anawerenga pa msonkhano wa akatswiri a mbiri ku Dar es Salaam mu 1965 linathandiza kuti nkhaniyi ikhale phunziro palokha. Anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 98. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama za Malawi, dzikolo limamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse, ndipo mu 2022 chiboliboli chake, chopangidwa ndi Samson Kambalu, chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London.

Zonsezi zinayamba chifukwa munthu mmodzi anatchera khutu kwa asilikali wamba m'chinenero chawo. Nafenso kuno ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, tili ndi akuluakulu amene anabwera ali achinyamata kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene boma linkagawa minda, ndipo anagwetsa tchire ndi manja awo. Akudziwa za masiku a Kaunda zimene sizinalembedwe m'buku lililonse. Aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Chongwe atenge kope ndi cholembera, akakhale nawo pansi akadali moyo, ndipo alembe m'chinenero chimene iwo akuyankhula.