Nsapato Yothamangira N'kunyamulira Zitsulo Pomwe: Kumene Yachokera

Wothamanga ndi wonyamula zitsulo amapempha zinthu zotsutsana kwa wopanga nsapato. Wothamanga amafuna pansi pofewa, chifukwa phazi likamatera limamenya nthaka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo limatero kambirimbiri pa ulendo umodzi. Kwa wonyamula zitsulo, kufewa komweko ndiye mdani. Akaponda pansi amafuna mphamvu yonse ikwere m'miyendo mpaka ku chitsulo, isathere m'siponji. Yesani kusenza thumba la chimanga mutaima pa matiresi, mumvetsa.

Kwa zaka zambiri aliyense ankayenda njira yake. Cha m'ma 1895, Joseph William Foster wa ku Bolton, ku England, ankasoka nsapato zothamangira zokhala ndi timisomali kunsi, ndipo zidzukulu zake n'zimene zinadzayambitsa Reebok mu 1958. Ku Herzogenaurach, ku Germany, kunali abale awiri a banja la Dassler, amene nsapato zawo anavala Jesse Owens pa masewera a Olympics ku Berlin mu 1936. Atakangana, wina anayambitsa Puma, wina Adidas. Nsapato za nthawi imeneyo zinali zopyapyala, chikopa chabe chophimba phazi. Mu 1960 ku Rome, Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa marathon alibe nsapato n'komwe.

Kufewa kunabwera m'zaka za m'ma 1970, anthu wamba a ku America atayamba kuthamanga m'misewu ya tala pofuna kulimbitsa thupi. Bill Bowerman, mphunzitsi wa othamanga pa yunivesite ya Oregon yemwenso anayambitsa nawo Nike, anathira mphira m'chiwaya cha mkazi wake chophikira mikate ya mabokosimabokosi, n'kupeza soli yopepuka yogwira bwino pansi. Kenako panabwera siponji yotchedwa EVA, kenakonso kathumba ka mpweya kobisidwa m'chidendene. Kuchokera pamenepo nsapato yothamangira inangonka ikunenepa.

Ya wonyamula zitsulo inasintha pa chifukwa china. Kale akatswiri ankalandira chitsulo ataponya mwendo wina kutsogolo, wina kumbuyo. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ambiri anayamba kuchilandira atanyonyomala mpaka pansi, ndipo apa mpomwe akakolo anaonetsa malire ake: munthu akatsika kwambiri, chidendene chimafuna kunyamuka, msana n'kuweramira kutsogolo. Mankhwala ake anali kuchikweza chidendenecho. Mukaigwira m'manja nsapato imeneyi mumadabwa kulemera kwake. Kumbuyo kuli mphero yolimba gwa, kale ya thabwa, masiku ano kawirikawiri ya pulasitiki, yotalika pafupifupi masentimita 2. Soli ndi yotakata, yafulati, ndipo mukayesa kuipotoza imakana. Pamwamba pa zingwe padutsa lamba womanga phazi kuti lisasunthe m'kati. Wovala akamayenda pa thabwa la masewera imalira kho-kho-kho. Poima ndi yabwino zedi, koma kuthamanga nayo ngakhale mamita 200 n'kudzizunza.

Amene anayesa kuyanjanitsa ziwirizi ndi Tinker Hatfield wa ku Nike, munthu amene anaphunzira zojambula mapulani a nyumba ndipo paunyamata wake anaphunzitsidwa masewera ndi Bowerman yemweyo. M'zaka za m'ma 1980 nyumba zolimbitsira thupi zinali zitachuluka, ndipo Reebok inali itagulitsa kwambiri nsapato ya Freestyle ya mu 1982 kwa amayi ovina aerobics. Hatfield ankaona anthu akubwera ku jimu ndi nsapato zingapo m'chikwama, kapena akuchita masewera onse ndi nsapato yothamangira imene inkawapendeketsa akatembenukira kumbali. Mu 1987 anatulutsa Air Trainer 1. Chidendene chake chinali chotsikirapo kusiyana ndi cha nsapato yothamangira, m'mbali munali molimba, ndipo kutsogolo kunali lamba. John McEnroe anaikonda n'kumasewera nayo tenisi, ndipo pofika 1989 Bo Jackson, amene ankasewera baseball ndi mpira wa ku America pomwe, ndiye anali nkhope ya malonda a nsapato za mtundu umenewu. Maganizo a Hatfield ndimawalemekeza chifukwa anali oona mtima: munthu wamba safuna nsapato yopambanira mendulo, amafuna imodzi yomufikitsa kumapeto kwa ola lake la ku jimu osavulala.

M'zaka za m'ma 1990 nsapato zotere zinasanduka zongotchenera. Chimene chinadzutsanso nkhaniyi ndi CrossFit, imene Greg Glassman anakhazikitsa ku California mu 2000. Kumeneko munthu amathamanga mamita 400, n'kufikira kunyamula chitsulo, kenako n'kukwera chingwe, wotchi ikuyenda. Nthawi yosintha nsapato palibe. Zinangochitikanso kuti m'zaka zomwezo anthu anatengeka ndi nsapato zopyapyala zokhala ngati uli wosavala, makamaka buku la Christopher McDougall lotchedwa Born to Run litatuluka mu 2009, choncho soli yafulati sinkaopsanso. Reebok inatulutsa Nano mu 2011, Nike n'kuyankha ndi Metcon mu 2015. Nzeru ya nsapato ziwirizi inali kuigawa nsapato pawiri: kumbuyo kolimba ndi kotakata, kutsogolo kofewerapo kokhala ndi mizere yolola zala kupindika, chidendene chokwera ndi mamilimita 4 okha kapena kuposerapo pang'ono, ndi mphira wokwera m'mbali kuti chingwe chisang'ambe nsalu. Metcon 5 ya mu 2019 inabwera ndi kamphero kochotseka koika m'kati pa tsiku lonyamula zolemera. Kwa ine kamphero kameneko kanali kuvomereza poyera kuti soli imodzi singakwanitse zonse.

Tisanamizane, nsapato zimenezi zimakondera wonyamula zitsulo. Mukathamanga nazo makilomita 5 pa tala, akatumba ndi mapazi amadandaula. Ndipo mpata unakulirakulira, chifukwa mbali ya othamanga inapita patali. Mu 2017 kunabwera Vaporfly, ya siponji yochindikala yokhala ndi kachipande ka carbon m'kati. Eliud Kipchoge wa ku Kenya atathamanga marathon m'maola osakwana 2 ku Vienna mu 2019 atavala nsapato ya banja lomwelo, bungwe la World Athletics linalamula mu 2020 kuti soli ya pa msewu isapitirire mamilimita 40. Kunyamula chitsulo cholemera utaima pa siponji yotalika choncho n'kuika akakolo pachiswe.

Mpikisano wa Hyrox, umene unayambira ku Hamburg mu 2017, watembenuza funsoli. Opikisana amathamanga kilomita imodzi kasanu n'katatu, ndipo pakati pake amagwira ntchito zamphamvu monga kukankha ndi kukoka chikuku cholemera pa kapeti, kunyamula zitsulo m'manja onse awiri, ndi kuponya mpira wolemera m'mwamba. Popeza makilomita 8 ndi ambiri, ochuluka amasankha nsapato yothamangira, ndipo opanga nsapato, kuphatikizapo Puma imene imagwirizana ndi mpikisanowu, tsopano akuyambira kumeneko: amatenga yofewa, n'kuikulitsa soli kuti isapendeke, n'kuiika mphira wogwira kapeti kuti phazi lisaterereke pokankha chikuku.