Kathabwa ka m'thumba la shati

Ana ambiri amene ndimaphunzitsa amaganiza kuti foni yokhudza pagalasi inayamba ndi iPhone mu 2007. Koma iPhone isanabwere, makampani a ku America, Britain ndi Canada anali atalimbana kwa zaka zambiri kufuna kulowetsa kompyuta m'thumba la munthu. Amene anatsogola poyamba pa mpikisanowo si amene anafika kothera.

Kampani ya Psion ya ku Britain inatulutsa kacipangizo kochedwa Organiser mu 1984, kosungiramo manambala ndi zolemba. Mu 1993, Apple inabwera ndi Newton, imene munthu anali kulemba pagalasi lake ndi kamtengo konga bopeni. Mtengo wake unali pafupifupi madola 700, inali yaikulu kuposa thumba, ndipo inali kulephera kuwerenga malembedwe a anthu. Munthu alemba liwu ili, iyo ionetsa lina. Steve Jobs atabwerera ku Apple anaithetsa mu 1998.

Jeff Hawkins, amene anayambitsa kampani ya Palm, anatengapo phunziro. Anasema kathabwa kokwana m'thumba la shati n'kumayenda nako. Wina akamuitanira kumsonkhano, anali kutulutsa kathabwako n'kucita monga akulemba tsiku. Mwa njira iyi anadziwa zimene munthu amafunadi pa kacipangizo ka m'thumba. M'malo movutika kuphunzitsa makina malembedwe a aliyense, anapanga zilembo zosavuta zochedwa Graffiti kuti munthu ndiye aziphunzire. Pilot inatuluka mu 1996 pa madola 299, ndipo nchito zake zikuluzikulu zinali zinayi cabe: kalenda, maadiresi, mndandanda wa zocita ndi kolembapo zokumbutsa. Mabatire awiri aang'ono anali kukhala milungu ingapo. Zaka ziwiri zisanathe, zoposa miliyoni imodzi zinagulidwa.

Msika utakoma, opikisana anaculuka. Microsoft inabwera ndi Windows CE, kenako Pocket PC mu 2000, ndipo Compaq inapanga iPAQ yamphamvu, yoonetsa mitundu, koma yodya batire. Hawkins mwiniwake ndi anzake Donna Dubinsky ndi Ed Colligan anacoka ku Palm mu 1998 atasemphana ndi 3Com, kampani imene inali mwini wa Palm panthawiyo. Anayambitsa Handspring n'kuyamba kupikisana ndi mwana wao yemwe.

Komabe vuto lalikulu la Palm silinali adani amenewa. Kacipangizo kake sikanali kulankhula ndi dziko pakokha. Kuti kalandire zatsopano, munthu anali kukakhazika pakampando kolumikizidwa ndi waya ku kompyuta ya pa desiki, n'kudina batani. Mu 1999, Palm inayesa kudula wayawo ndi Palm VII, yokhala ndi eriyo yotukula. Inali madola 599, kuwonjezapo malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo inali kuonetsa tuzidutswa cabe twa intaneti, monga za nyengo ndi nkhani zazifupi. Kuti uone imelo, unafunika kutukula eriyo n'kuifunsa wekha.

Caka comweco, kampani ya Research In Motion ya ku Waterloo, m'dziko la Canada, inatulutsa BlackBerry. Inali ndi kakiyibodi kolembapo ndi zala zazikulu, ndipo imelo inali kufika yokha, osaipempha. Kusiyana kumeneku kuoneka kocepa, koma kwa loya kapena wamabizinesi amene akuyembekezera yankho, kunali kwakukulu.

Mu March 2000, masheya a Palm atayamba kugulitsidwa, kampaniyo inawerengeredwa madola oposa mabiliyoni 50 tsiku loyamba, kuposa 3Com imene inali mwini wake. Caka cotsatira malonda anagwa, katundu wosagulidwa n'kuunjikana. Handspring ndiyo inaona njira: mu 2002 inatulutsa Treo, kompyuta ya m'thumba ndi foni pamodzi. Mu 2003 Palm inagula Handspring, kubweza anthu amene inawataya. Treo inaipatsa moyo kwa zaka zingapo, koma iPhone ndi mafoni a Android zitabwera, inalephera kuthamanga nazo. HP inagula Palm mu 2010 pa madola 1.2 biliyoni, ndipo mu 2011 inaleka kupanga tuzipangizo twake.

BlackBerry nayonso inadutsa njira yomweyo. Ife amene tinali ku koleji masiku a BBM tikumbukira kupemphana PIN, mpaka WhatsApp itabwera yogwira nchito pa foni iliyonse. Mu 2016 BlackBerry inaleka kupanga yokha mafoni.

Tsegulani foni yanu muone. Kalenda, manambala a anzanu ndi polemba zokumbutsa zikalimo, monga mmene Hawkins anaziyesera pa kathabwa kaja. Koma tsiku limene bandulo yatha ndipo mulibe ya tokotaimu, mudzamvetsa cimene cinagwetsa Palm, cifukwa cimene mudzakhala naco m'manja ndi Pilot ya mu 1996.