Mabuku a Fever: nkhani ya a Fae yomwe inatha katatu

Buku la Kingdom of Shadow and Light, lomwe linatuluka ku America mu February 2021, ndi la nambala 11 komanso lomaliza pa mndandanda wa mabuku a Fever olembedwa ndi Karen Marie Moning. Ndi nkhani yopeka yolembera akuluakulu, yosakaniza chikondi, kuphana ndi matsenga, ndipo eni bwalo m'menemo ndi a Fae, zolengedwa za m'nthano zamakedzana za ku Ireland ndi Scotland. Kuchokera pa buku loyamba kudzafika pa lomalizali panadutsa zaka 15, ndipo m'zaka zimenezi nkhaniyi inaoneka ngati yatha kawiri konse, mu 2011 ndi mu 2017, isanathe zenizeni.

M'mabuku a Moning, a Fae si mizimu ya anthu akufa ndiponso si angelo. Buku lakale la ku Ireland lotchedwa Lebor Gabála Érenn, lomwe linasonkhanitsidwa m'zaka za m'ma 1000, limakamba za mtundu wa Tuatha Dé Danann umene unkalamulira chilumbachi usanagonjetsedwe ndi anthu obwera. Nthano zimati amenewa ndiwo a Fae: atagonja analowa pansi, kukakhala m'timapiri ta manda akale tomwe tili mbwee m'dzikomo. Alimi a kumeneko ankawaopa kwambiri moti sankawatchula dzina chisawawa. Ankakhulupirira kuti amaba makanda ndi akazi n'kusiya chinthu chofanana nawo, kuti amaopa chitsulo, komanso kuti usiku wa Samhain, pa 31 October, malire a dziko lawo ndi la anthu amakhala otseguka. Chikhulupirirochi chinaphetsa munthu ngakhale posachedwapa: mu 1895, m'boma la Tipperary, Bridget Cleary anatenthedwa ndi mwamuna wake yemwe ankaumirira kuti wodwala amene anali m'nyumbamo sanali mkazi wake weniweni.

Ku Scotland anawagawa pawiri: a Seelie, amene nthawi zina amakomera anthu mtima, ndi a Unseelie, amene nkhanza ndiye khalidwe lawo. Kumenekonso n'kumene kunachokera nyimbo yakale ya Tam Lin, yotchulidwa kale m'buku lina la mu 1549. Imasimba za Janet, mtsikana amene anakwatula bwenzi lake m'manja mwa mfumukazi ya a Fae pomukumbatira osamutaya pamene ankasandulizidwa zilombo zosiyanasiyana. Mkazi wolimba mtima, mwamuna woopsa amene mkati mwake muli chilombo, ndi mfumukazi yosadziwa chifundo: mabuku ambiri achikondi a masiku ano akuyendabe m'mapazi a nyimbo imeneyi.

Pofika nthawi ya Mfumukazi Victoria, olemba ndi ojambula a ku Britain anali atazichepetsa zolengedwazi n'kukhala tianthu tamapiko tosangalatsa ana, monga anadzakhalira Tinker Bell wa m'sewero la Peter Pan la mu 1904. Amene anazibwezera ukali wake ndi olemba a ku America. Emma Bull anabweretsa nkhondo ya a Seelie ndi a Unseelie mumzinda wa Minneapolis m'buku la War for the Oaks mu 1987, ndipo Laurell K. Hamilton anawonjezera zakuchipinda zosabisa mu A Kiss of Shadows mu 2000.

Moning, wobadwira ku Cincinnati m'chigawo cha Ohio mu 1964, anadzera khomo lina. Anayamba ndi mabuku achikondi onena za amuna a kumapiri a ku Scotland, kuyambira ndi Beyond the Highland Mist mu 1999. Mabuku amtundu umenewu ali ndi lamulo lodziwika kwa wolemba ndi wowerenga yemwe: mwamuna ndi mkazi ayenera kukhala pamodzi mosangalala pofika tsamba lomaliza. A Fae ankangosuzumira m'mabukuwa, mpaka mmodzi mwa iwo, Adam Black, anapatsidwa buku lakelake mu 2004.

Darkfever, yomwe inatuluka mu 2006, inaswa lamulo lija. Wosimba nkhani ndi MacKayla Lane, kapena kuti Mac, mtsikana wa zaka 22 wa ku Georgia wogulitsa mowa m'bala, amene nzeru zake zili pa zovala zowala ndi utoto wa zikhadabo. Mkulu wake Alina waphedwa ku Dublin komwe ankaphunzira. Foni ya Mac inali itagwera m'dziwe losambiramo, choncho uthenga womaliza wa Alina, wamantha ndi wotchula chinthu chachilendo chotchedwa Sinsar Dubh, anaumva maliro atachitika kale. Apolisi atagwa ulesi ndi mlanduwo, iye anakwera ndege yekha kupita ku Ireland. Kumeneko anazindikira kuti ali ndi maso oona a Fae ngakhale atadzibisa m'maonekedwe a anthu, ndipo anagwa m'manja mwa Jericho Barrons, mwini sitolo ya mabuku, munthu wouma mtima amene nayenso ankafunafuna Sinsar Dubh, buku lamoyo lodzaza ndi matsenga oipa a mfumu ya a Unseelie. Darkfever inatha popanda ukwati, popanda chibwenzi, wakupha Alina asanalangidwe.

Luso la Moning limaonekera bwino pa tinthu ting'onoting'ono. Kuseri kwa sitolo ya Barrons kuli misewu imene mzinda wonse unaiiwala, ngakhale pa mapu sikuonekanso, chifukwa munadzaza zithunzithunzi zakuda zoyamwa moyo wa chilichonse, zomwe zimasiya zovala ndi kachikopa kouma pamene panali munthu. Zimaopa kuwala kokha. Tsono Mac anatenga chipewa cha pa njinga n'kumangirirapo matochi mbali zonse. Wowerenga amaseka, koma mantha osachoka.

Mabuku anatsatana chaka ndi chaka: Bloodfever mu 2007, Faefever mu 2008, Dreamfever mu 2009. Lililonse linkathera pamalo opweteka kuposa linzake. Kumapeto kwa Faefever malire aja anagwa pa usiku wa 31 October, monga mwa nthano zakale, Dublin n'kusanduka bwinja, Mac n'kugwiriridwa ndi akalonga a Unseelie, chinthu chomwe owerenga ena mpaka lero sanamukhululukire wolembayu. Dreamfever inathera pamene Mac wapha chilombo chomwe chinkamuteteza, ndipo mtembowo utasanduka munthu iye anazindikira nkhope yake, koma dzina silinatchulidwe. Owerenga anadikira kuyambira August 2009 mpaka January 2011 kuti adziwe kuti anali Barrons.

Shadowfever, buku lachisanu, ndilo linakonzedwa kukhala lomaliza, ndipo linafika pa nambala 1 pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa nyuzipepala ya New York Times. Linabweza ngongole zonse zimene wolemba anali nazo kwa owerenga. Barrons anadzuka, popeza imfa simugwira mpaka kalekale. V'lane, kalonga wokongola amene ankadzionetsa ngati wa Seelie, anaululika kuti ndi Cruce wa Unseelie. Amene anapha Alina anadziwika kuti ndi Dani O'Malley, kamtsikana komwe Mac ankakatenga ngati mng'ono wake, ngakhale kuti kanachita izi mogwiritsidwa ntchito ndi mtsogoleri wake. Mwa mathero atatu a nkhaniyi, awa ndiwo olimba kwambiri, chifukwa funso lililonse lomwe linafunsidwa mu 2006 linayankhidwa ndi zinthu zomwe zinali pamaso pa wowerenga kuyambira pachiyambi.

Koma nkhani yogulitsa chotero sisiyidwa msanga. Mu 2012 kunatuluka Iced, yosimbidwa ndi Dani ali ndi zaka 14. Owerenga ambiri sanakondwe kuona mwana wa msinkhu umenewu atazunguliridwa ndi amuna akuluakulu m'buku lokhala ndi zakuchipinda. Burned, ya mu 2015, inabwezera nkhani kwa Mac, ndipo Dani anatulukira ali wamkulu, atakhala zaka zingapo m'dziko lina momwe nthawi imathamanga mosiyana ndi kuno. Feverborn ya mu 2016 ndi Feversong ya mu 2017 zinatseka gawo lachiwirili: Mac anagonjetsa Sinsar Dubh yomwe inali itamulowa m'thupi, dziko linapulumuka ku chiwonongeko, iye n'kulandira mphamvu za mfumukazi ya a Fae. High Voltage ya mu 2018 inamaliza nkhani ya Dani.

Zotsalira n'zimene Kingdom of Shadow and Light inadzatola. Mac tsopano ndi mfumukazi ya mtundu umene anaphunzira kuusaka ndi mkondo, ndipo a Seelie samufuna chifukwa anabadwa munthu. Cruce, mdani amene sanafe m'mathero awiri oyamba aja, wadzipangira ufumu watsopano mobisa. Nkhani ikusimbidwa ndi anthu angapo mosinthana, kuphatikizapo Christian MacKeltar, wa banja lomwe linayambira m'mabuku a ku Scotland aja, kotero bukuli likutsekanso zina zimene Moning anayamba asanalembe Darkfever. Vuto lake ndi la mabuku ambiri omaliza: aliyense wokondedwa ayenera kupatsidwa gawo lake ndi mnzake womuyenera, ndipo mantha amene ankayendetsa mabuku asanu oyambirira amachepa pamene pafupifupi aliyense wasanduka wosafa.

Bukuli linatuluka patangopita sabata imodzi chitulukireni A Court of Silver Flames ya Sarah J. Maas, wolemba amene mndandanda wake unayamba mu 2015 ndi mwamuna wa Fae wotchedwa Tamlin, dzina lochokera m'nyimbo ya ku Scotland ija. Pa nthawiyi owerenga achinyamata anali atayamba kuuzana za mabuku pa TikTok, ndipo nkhani zachikondi za a Fae zinasanduka msika waukulu womwe kunalibe pamene Moning ankayamba. Iye sanapitirize nawo a Fae. Buku lake lotsatira, The House at Watch Hill la mu 2024, ndi la afiti a ku Louisiana.