Mmene Angerezi anasonkhanitsira mawu otchulira choipa

Chingerezi chili ndi mawu ochuluka otchulira chinthu choipa kapena chovulaza, koma ambiri mwa iwo ndi obwera. Ena anafika ndi nkhondo, ena ndi mabuku, ndipo gulu lililonse linakhazikika pa malo ake: ena pakhomo, ena m'bwalo la milandu, ena m'chipatala.

Mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes itawoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark m'zaka za m'ma 400, liwu lawo la tsiku ndi tsiku linali "yfel", kholo la "evil". Lero liwuli limamveka kwambiri pa guwa, koma kalelo linkagwira ntchito paliponse: pa matenda, pa ntchito yosalongosoka ngakhale pa nkhanza. Analinso ndi "hearm", amene lero ndi "harm", ndipo ankaphatikiza kuvulaza thupi ndi kunyoza. Liwu la "bad", limene mwana aliyense wophunzira Chingerezi amayambira, linafika mochedwa. Linayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1300, ndipo akatswiri mpaka pano sagwirizana za gwero lake. Kwa kanthawi anthu ankati "badder" pofuna kunena choipa koposa, koma kenaka "bad" analanda mawu akale aja, "worse" ndi "worst", amene poyamba ankayendera limodzi ndi "evil". Ichi n'chifukwa chake mawu atatuwa safanana nkhope.

Gulu lachiwiri linabwera ndi ma Viking a ku Scandinavia, amene anafunkha nyumba ya amonke pa chilumba cha Lindisfarne mu 793 ndi kulanda mzinda wa York mu 866. Atatha kumenya nkhondo anakhala, nalima, nakwatirana ndi eni nthaka, motero mawu awo analowera kukhitchini ndi kumunda. "Wrong" poyamba ankatanthauza chokhota, "ugly" chochititsa mantha, ndipo "ill" ankangotanthauza choipa. Tanthauzo la kudwala linadza pambuyo pake.

Kusintha kwakukulu kunachitika mu 1066, pamene William wa ku Normandy, woyankhula Chifalansa, anagonjetsa mfumu Harold ku Hastings. Kwa zaka pafupifupi 300 mafumu, nduna ndi oweruza a ku England ankayankhula Chifalansa, ndipo lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi linakhazikitsidwa mu 1362. Munthu wolakwiridwa ankayenera kudandaula m'mawu a olamulira, ndiye mmene analowera "damage", "injury", "malice" ndi "peril". Liwu la "danger" ndi lomwe likuonetsa bwino moyo wa nthawiyo. Muzu wake ndi liwu la Chilatini lotanthauza mbuye, ndipo poyamba linkanena za mphamvu imene bwana ali nayo pa munthu wake. Kukhala m'manja mwa bwana kunali kokwanira kutchedwa ngozi.

Kunyoza kunkayenda kuchokera pamwamba kutsikira pansi. "Villain", amene lero ndi chigawenga cha m'nkhani ndi m'mafilimu, anali mlimi womangika pa munda wa bwana, wosaloledwa kusamuka mwakufuna kwake. Mawu ena a Chingerezi chakale anagwanso chimodzimodzi: "churl" anali munthu wamba womasuka koma anasanduka wamwano, "knave" anali mnyamata kapena wantchito koma anasanduka kathyali. Palibe chimene alimi ndi anyamatawo analakwa. Amene ankalemba mabuku ndi kulipira alembi ndi omwe ankawaona motero. Nalo liwu la "poison" linalowa kudzera m'Chifalansa. M'Chilatini linkangotanthauza chakumwa, kenaka mankhwala akumwa, mapeto ake chiphe.

Mawu angapo anabadwa ku zikhulupiriro za masiku ndi nyenyezi. Makalendala a ku Ulaya a nthawi imeneyo ankaika chizindikiro pa masiku awiri mwezi uliwonse, 24 pa chaka, amene munthu sankayenera kuyamba ulendo kapena kuchotsedwa magazi ndi sing'anga. M'Chilatini ankatchedwa "dies mali", masiku oipa, ndipo apa ndi pamene panachokera "dismal". "Disaster", wochokera ku Chitaliyana kudzera m'Chifalansa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndi tsoka lobwera chifukwa nyenyezi yaima poipa. Chimfine cha "influenza" chinatchedwa motero ku Italy poganiza kuti mphamvu ya nyenyezi ndiyo imachigwetsa, ndipo dzinalo linafala ku England pa mliri wa 1743. "Malaria" ndi mpweya woipa, chifukwa anthu a ku Italy ankati malungo amachokera ku nthunzi ya m'madambo. Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897, koma dzina lolakwikalo linali litakhazikika kale. "Sinister" m'Chilatini ndi kumanzere basi. Aroma poyamba ankaona malodza a kumanzere ngati abwino, koma maganizo a Agiriki, oti mbali imeneyo ndi ya tsoka, ndi amene anapambana. Aliyense amene anadzudzulidwapo ali mwana chifukwa cholandira chinthu ndi dzanja lamanzere sangavutike kumvetsa.

William Caxton atayambitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, olemba ndi omasulira anayamba kutapa mawu mwachindunji ku Chilatini ndi Chigiriki. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi za m'ma 1600 panalowa "pernicious", wochokera ku liwu la imfa, "noxious", "deleterious" ndi "detrimental", amene muzu wake ndi kuperepeseka pang'onopang'ono. Sikuti onse anakondwera nazo. Mawu a mtundu umenewu otsutsa ankawatcha mawu a m'nyanga ya inki, ponena za kanyanga kamene alembi ankasungiramo inki, ndipo Thomas Wilson anawadzudzula m'buku lake la 1553. Mawu otere anali achilendo kwambiri mwakuti dikishonale yoyamba ya Chingerezi chokhachokha, imene Robert Cawdrey anatulutsa mu 1604, inali yofotokoza mawu ovuta pafupifupi 2,500. Odzudzulawo anali ndi mfundo, chifukwa nthawi zambiri "deleterious" sanena chilichonse chimene "harmful" sangathe kunena. Komabe mawu aataliwo anakhala, pakuti madokotala ndi maloya ankafuna liwu lozizira, lonena za chiwonongeko popanda kuloza munthu chala. Mpaka lero kapepala ka m'bokosi la mankhwala kamalemba "adverse" pamene wodwala akanangoti "bad". Mu 1852 Peter Mark Roget, yemwenso anali dokotala, anasanja mawu a Chingerezi potsata matanthauzo, ndipo obwera ndi obadwira anayamba kuonekera pa tsamba limodzi.

Mawu oopsa amatha mphamvu akamanenedwa kawirikawiri. "Awful" ankanena za chinthu chodzetsa mantha ndi ulemu, monga ukulu wa Mulungu, koma lero amanenedwa ngakhale pa tiyi wozizira. "Terrific" anachoka ku zoopsa n'kukhala chiyamikiro. M'kayankhulidwe ka anthu akuda a ku America "bad" anatembenuka n'kumatanthauza chinthu chapamwamba, ndipo ndi m'tanthauzo limeneli mmene Michael Jackson anatchulira chimbale chake cha 1987.

Pamene ena akufooka, "toxic" wakula. Gwero lake ndi liwu la Chigiriki lotanthauza uta. Agiriki ankati mankhwala a pa uta ponena chiphe chopaka ku mivi, ndipo pofupikitsa, liwu la mankhwala linagwa n'kutsala la uta. Linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600, ndipo kwa nthawi yaitali linali la madokotala ndi asayansi. M'zaka zaposachedwa lafalikira ku utsi wa m'mafakitale, ngongole zosabwezeka, maukwati ndi malo a ntchito, mwakuti mu 2018 akonzi a madikishonale a Oxford analisankha kukhala liwu la chaka.